Ludzu Lina Si la Dzuwa



Kwathu kuno ludzu timalinamizira dzuwa, ndipo mafupa akamaphwanya timati ndi khasu kapena ukalamba. Komatu pakhosi pathu, kuseri kwa chithokomiro, pali tiziwalo tinayi tonga njere za mpunga, totchedwa parathyroid, timene timayendetsa kashiyamu m'magazi. Kamodzi kakatupa, kashiyamu amachoka m'mafupa nachuluka m'magazi. Munthu amafooka, ludzu silimutha, amakodzakodza, ndipo timiyala timapangika mu impso.

Nthendayi siioneka ndi maso. Imadziwika poyeza magazi. Tsono agogo akamadandaula chotere, tisathamangire kuloza mfiti. Tiwatengere kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kumene angawatumize ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwambo tikukondwerera lerowu amausunga ndi akuluakuluwa. Tiwasamale akadali moyo.