Mawu a mlendo wolemekezeka pa Tsiku la Mwana wa mu Africa ku Namwera



Lero pa 16 June tikukumbukira ana asukulu amene anaphedwa ku Soweto mu 1976. Soweto ali ku Johannesburg, ku Joni komwe kuli abambo ambiri a ana akhala apawa. Choncho ndiloleni ndiyankhule ndi abambo.

Bambo wa ku Joni ukamufunsa za ana, amati, "Inetu ndimatumiza." Zoonadi amatumiza, malata tikuwaona m'midzimu. Koma akaimba pa WhatsApp mwana n'kuyankha, mawu ake oyamba ndi akuti, "Apatse mayi ako." Abambo, chezani naye kaye mwanayo. Mufunseni dzina la mphunzitsi wake, mufunseni masamu akumuyendera bwanji. Nanunso asodzi amene mumachezera panyanja kusaka usipa, mwana amafuna kumva mawu anu, osati kungodya ndiwo zanu.

Amene amandipweteka mtima kwambiri ndi mkamwini wothawa. Kuno kwathu mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo mwinimbumba ndi malume. Mwambowu uli ndi ubwino wake, chifukwa banja lingathe bwanji, mwana sasowa kwawo. Koma abambo ena akubisala kuseri kwa mwambowu. Ukwati ukatha amamangirira chikwama panjinga, n'kumati, "Ana ndi akuchikazi, awaone amalume awo." Amalumewo ali ndi ana awoawo, mwinanso nawo ali ku Joni. Ana amatsala ndi agogo okalamba. Mnyamata amasiya sukulu kukakoka khoka kudoko, mtsikana amakwatiwa asanakwane zaka 18, pamene malamulo aakulu a dziko lino analetsa zimenezi mu 2017.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 silifunsa ngati ndinu mkamwini, wamitala kapena munasiyana. Kholo lililonse lisamale mwana wake, ndipo mayi ali ndi ufulu wokasuma kukhoti. Inu amitala, ana a kunyumba yaikulu asamadziwire kung'ambika kwa yunifolomu kuti bambo akwatira kwina.

Mafumu ndi ankhoswe, ndikukupemphani. Pothetsa ukwati, musanagawe mbale ndi mbuzi, yambani mwafunsa: makope agula ndani, mwana akadwala usiku amunyamula ndani kupita naye kuchipatala, bambo azibwera liti kudzamuona. Mayankhowo alembedwe m'buku la amfumu, onse awiri asainire.