Malangatana: Mnyamata Wotola Mipira Amene Anajambula Dziko Lake



Pamene makomiti a chitukuko akusanja zofunika m'dera, mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu ndizo zimatsogola, ndipo m'pomveka. Koma mwana amene amajambula ndi khala pakhoma la khitchini sapezeka pa mndandanda uliwonse. Chimene amalandira kawirikawiri ndi mkwapulo chifukwa chodetsa khoma. Nkhani ya lero ndi ya mwana wotere, wa ku Mozambique.

Malangatana Valente Ngwenya anabadwa mu 1936 m'mudzi wa Matalana, m'boma la Marracuene, kumpoto kwa mzinda umene lero ukutchedwa Maputo. Bambo ake ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, monga anachitira azigogo ambiri a kuno m'masiku a Wenela. Mayi ake anali odziwa kutema mphini ndi kusongola mano. Mnyamatayo anaweta ng'ombe, anatumikirapo sing'anga, ndipo sukulu anangoilawa zaka zochepa ku mishoni. Ali ndi zaka 12 anapita mu mzinda, umene panthawiyo unkatchedwa Lourenço Marques, kukafuna maganyu. Mu 1953 anapeza ntchito yotola mipira pa kalabu ya tenisi ya Apwitikizi, usiku n'kumapita ku sukulu.

Pa kalabupo ndi pomwe Augusto Cabral anaona zojambula zake, n'kumupatsa penti ndi maburashi. Kenako Pancho Guedes, katswiri wolemba mapulani a nyumba, anamutsekulira galaja ya kunyumba kwake kuti azijambuliramo, ndipo ankamugula zithunzi ziwiri mwezi uliwonse. Thandizo lake linali lomwelo: denga, penti ndi kandalama kodalirika. Mu 1961, Malangatana anachititsa chionetsero chake choyamba.

Anthu amati anadziphunzitsa yekha, ndipo n'zoona kuti sanapite ku koleji ya zaluso asanatchuke. Komabe mawu amenewa amabisa aphunzitsi ake enieni, amene ambiri mwa iwo sanagwirepo burashi. Woyang'ana zithunzi zake amaona nkhope zothithikana mpaka kusowa polowetsa chala, maso otong'oka, mano akuthwa, zikhadabo, magazi, zilombo zosadziwika ngati ndi anthu kapena nyama. Izi sizinachokere m'buku la zojambula. Ndi dziko la nthano za madzulo, la afiti ndi mizimu, limene mwana wa ku Matalana analimva ndi makutu asanadziwe chilembo ndi chimodzi chomwe. Amene anakulira pafupi ndi dambwe sangadabwe nazo nkhope zimenezi. Baibulo la ku mishoni nalo linalowamo. Chimodzi mwa zithunzi zake zotchuka za 1961 ndi Juízo Final, kutanthauza Chiweruzo Chomaliza, ndipo ansembe a m'zithunzi zake saoneka ngati anthu opulumuka kale.

Kenako panabwera alakatuli. Mu mzindawo munali José Craveirinha, mtolankhani ndi mlakatuli amene ankalemba m'Chipwitikizi koma akulowetsamo mawu a Chironga, chiyankhulo cha kwawo kwa Malangatana. Buku lake la 1964, Xigubo, linatenga dzina la gule wa nkhondo. Munalinso Luís Bernardo Honwana, amene nkhani zake zifupizifupi zinaonetsa nkhanza za atsamunda kudzera m'maso mwa ana. Olemba amenewa anaonetsa kuti zowawa za thangata ndi ulimi wokakamiza zingathe kulowa m'luso popanda kupempha chilolezo kwa mzungu. Zilombo za Malangatana zinayamba kuvala nkhope zodziwika: wapolisi, kapitawo, kazitape. Iye mwini analinso mlakatuli. Ndakatulo zake zinatuluka m'magazini ya Black Orpheus ya ku Nigeria ndiponso m'buku la Modern Poetry from Africa la 1963, moti ena kunja anamudziwa ngati mlakatuli asanaone chithunzi chake.

Boma la Apwitikizi linamvetsa bwino lomwe zimene zithunzizo zinkanena. Apolisi achinsinsi a PIDE anamumanga pomuganizira kuti ndi wa Frelimo, ndipo anakhala m'ndende miyezi 18. Craveirinha ndi Honwana anamangidwanso m'nyengo yomweyo. Ali m'ndendemo sanaleke kujambula, ndipo zojambula za m'chitokosizo zilipo mpaka lero.

Maphunziro a m'kalasi anabwera mochedwa, mu 1971, pamene bungwe la Gulbenkian linamulipirira kukaphunzira ku Lisbon. Apo n'kuti dzanja lake litakhwima kale.

M'wodi muno mwina mulibe munthu wa galaja ngati Guedes. Koma muli makalasi amene amatsekedwa ana akaweruka, muli maholo a mipingo, muli makoma a zipatala ndi misika amene amalembedwa mauthenga a zaumoyo, ndipo wolemba wake angathe kukhala mwana wa konkuno. Shelefu imodzi ya mabuku a nthano ndi ndakatulo ndi yotchipa kuposa matumba ochepa a simenti. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi ili ndi mphamvu yolemba zimenezi m'mapulani ake monga imalembera mjigo.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, Malangatana anajambula makoma akuluakulu a mu Maputo, anakhala phungu wa nyumba ya malamulo, ndipo mu 1998 anasankhidwa kulowa m'khonsolo ya mzindawo. Bungwe la UNESCO linamupatsa ulemu wa mmisiri wa mtendere mu 1997. Kwawo ku Matalana anayambitsa malo ophunzirirapo zaluso ndi chikhalidwe. Anamwalira pa 5 January 2011 ku Matosinhos, ku Portugal, ndipo thupi lake analibweretsa kudzaliika ku Matalana.