CHIPATA NDI LIVINGSTONE: MPHUNZITSI AKAFUNA KUKAKHALA M'TAUNI

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi



Caka ndi caka makalata amacoka m'masukulu a kumidzi kunka ku maofesi a maphunziro, ndipo mau ace amakhala amodzimodzi: mphunzitsi apempha kuti amsamutsire ku tauni. Wina ali ndi mkazi wodwaladwala amene ayenera kukhala pafupi ndi cipatala cacikuru. Wina ana ace afika pa msinkhu wa ku sekondale. Winanso zaka zace za nchito zatsala pang'ono kutha, ndipo alikufuna malo omangapo nyumba ndi ndalama za penshoni. Ambiri a iwo salakalaka Lusaka, pakuti adamva za mtengo wa nyumba kumeneko. Maso ao ali pa mizinda yocepera, ndipo iwiri imene imachulidwa kawirikawiri pakati pa aphunzitsi a kuno kum'mawa ndiyo Chipata, umene onse audziwa, ndi Livingstone, umene ambiri adangouona pa cithunzi ca m'buku la jogirafe.

Mizinda iwiriyi iri ngati pacibale m'mbiri yace. Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, anamangidwa mu 1899, itangotha nkhondo ya 1898 imene asilikari a British South Africa Company anagonjetsa nayo Angoni a Mpezeni, ndipo anakhala likuru la North-Eastern Rhodesia. Livingstone anamangidwa mu 1905, caka cimene ulalo wa njanji unatha pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Azungu oyamba anali atakhala kumunsi, m'mbali mwa Zambezi, pa malo ochedwa Old Drift, koma malungo anawatha kwambiri, kotero kuti anakwera pa mtunda wa mcenga pamene pali mzinda tsopano. Bwanamkubwa mmodzi yemweyo, Robert Codrington, analamulira pa Fort Jameson, ndipo mu 1907 anasamukira ku cigawo ca kumadzulo cimene likuru lace linaikidwa ku Livingstone. Pamene zigawo ziwirizo zinaphatikizidwa mu 1911, Fort Jameson analandidwa ulemu wace, Livingstone nakhala likuru la dziko lonse. Koma ulemuwo sunakhalitse: mu 1935 boma linasamukira ku Lusaka, ndipo mu 2011 Pulezidenti Michael Sata analamula kuti ngakhale maofesi a Southern Province acoke apite ku Choma. Kotero Livingstone analandidwa boma kawiri, pamene Chipata wakhalabe likuru la Eastern Province, nakwezedwa kukhala mzinda waukuru mu 2017.

Mbiri imeneyi si ya m'kalasi mokha ai. Iri ndi kanthu pa mphika wa mphunzitsi, cifukwa ionetsa cimene mzinda uli wonse umadyera. Livingstone wakhala akudya za ocokera kutali masiku ace onse. Poyamba inali njanji ndi akalaliki a boma. Panalinso Zambezi Sawmills, imene inkakoka mitengo ya mukusi pa njanji ya ku Mulobezi. Kunabweranso mafakitale a nsaru ndi mabulangete, ndi ina yolumikiza magalimoto a Fiat; koma pofika m'zaka za m'ma 1990 ambiri a mafakitalewo anatseka zitseko, ndipo amuna ambirimbiri anangokhala pansi pa mitengo. Cimene cinautsanso mzindawo ndi alendo odzaona mathithi, makamaka pamene mabvuto a ku Zimbabwe, kuyambira mu 2000, anacititsa alendo ambiri kugona ku tsidya lino. Mahotela anamangidwa, bwalo la ndege linakuzidwa, ndipo mu 2013, pamene Livingstone ndi tauni ya Victoria Falls analandira msonkhano waukuru wa bungwe la United Nations loona za alendo, miseu ya m'kati mwa mzinda inakonzedwa. Koma akuru anati mlendo ndi mame. Mu 2020, pamene mliri wa COVID-19 unaimitsa ndege, mamewo anakamuka tsiku limodzi: ophika a m'mahotela, oyendetsa magalimoto, osema ziboliboli, onse anasowa pogwira. Mphunzitsi wa boma malipiro ace sanaime, koma ana amene anali kuwaphunzitsa anali ana a anthu omwewo.

Chipata sadyera alendo. Odzaona nyama ku Mfuwe amangodutsa, kapena kuuluka pamwamba ndi ndege osauona nkomwe. Mzindawu umadyera khasu la midzi youzinga. Cimanga, nshawa, thonje, fodya, soya ndi mpendadzuwa ndizo zimadzaza masitolo a Amwenye ku Down Shops ndi ndalama, ndipo munthu angadziwe mwezi wa caka poona makamu a pa msika: June ndi July anthu ali piringupiringu, January ndi February ogulitsa angoyang'anana. Chipata nayenso anali ndi fakitale yace ya njinga, Luangwa Industries, ndipo nayonso inagwa. Koma kugwa kwace sikunagwetse mzinda, cifukwa mzinda sunatsamire pa iyo. Njingazo zinatsala m'miseu, zonyamula makala, mbuzi, ndi anthu omwe pa kampando ka kumbuyo, ngakhale tsopano zilimbana ndi njinga zamoto.

Kusiyana kumeneku kucokera m'nthaka ndi m'mitambo. Chipata ali pakati pa mapiri, pa mtunda wopitirira mamita 1,100, ndipo pa caka cabwino amalandira mvula yonga mamilimita 1,000. Livingstone ali m'munsi, pa mcenga wa Kalahari, ndipo mvula yace imangofika pa mamilimita 700, nthawi zina osafikapo. Mwezi wa October kumeneko dzuwa limaswa mtengo, ndipo kalasi la malata likafika masana ana amangosinza. Codabwitsa ncakuti usiku wa June ndi July kumazizira koposa ku Chipata, pakuti mcenga susunga kutentha. Wopita kumeneko poyesa kuti ndi dziko lotentha lokha amagula bulangete mwezi woyamba wa cisanu. Mphunzitsi wa kumudzi adazolowera kuti kuseri kwa nyumba kukhale kamunda, ndipo theka la cakudya cace sanaligulepo ndi ndalama. Pafupi ndi Chipata mwambo umenewo ungapitirire: dimba lipezeka, ndipo mbale wa ku Katete kapena ku Chadiza akhoza kutumiza thumba la cimanga pa basi. Ku Livingstone mcenga umamwa madzi ngati wakumva ludzu la masiku atatu, ndiwo zambiri zimacokera kutali, ndipo amene alimbikira kulima m'mphepete mwa mzinda ali ndi mnzace wodya naye, ndiye njobvu. Nkhalango ya nyama ya Mosi-oa-Tunya igundana ndi nyumba za anthu, ndipo m'nyengo ya cirimwe njobvu zimalowa m'makomboni usiku, kuthyola mipanda ndi mitengo ya mango, nthawi zina kupha anthu.

Komabe khasu nalonso limanama. Cirala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacicha tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February, sicinasankhe cigawo: cimanga cinauma kumwera ndi kum'mawa komwe, madzi anacepa ku Kariba, ndipo mizinda yonse iwiri inakhala mumdima maola ambiri pa tsiku. Caka cotere mphunzitsi wa ku Chipata ndiye amalira koposa, cifukwa amene anali kumtumizira thumba ndiwo amafika pakhomo ndi thumba lopanda kanthu.

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo ndi nkhani imene aphunzitsi sakonda kuikamba poyera. Kukhala ku Chipata ndiko kukhala pa njira ya abale. Wodwala wocokera kumudzi afikira kwa mphunzitsi, pamodzi ndi omdwazika awiri. Mwana wa mlongo amene wapeza malo ku Chizongwe kapena ku St. Monica's adzapumulira komweko. Wodzagulitsa fodya agona usiku umodzi umene umasanduka sabata. Nyumba ya zipinda ziwiri ku Kapata imasanduka mphala. Palibe wa iwo amene acita coipa, pakuti ambiri ndi omwe anasonkha ndalama za sukulu pamene mphunzitsiyo anali mwana. Koma malipiro ndi amodzi, ndipo ndalama yoonjezera imene boma limapatsa ogwira nchito kumidzi imatha tsiku lomwe munthu alowa m'tauni. Alipo aphunzitsi amene amapempha Livingstone pa cifukwa cimeneci cokha, ngakhale m'kalata amalemba zina.

Ndipo nzoona kuti mtunda umachinjiriza. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita onga 570, ndipo kucokera ku Lusaka kufika ku Livingstone ndi ena onga 470. Msuwani saganiza za ulendo wotere kuti akangopempha sopo. Wokhala kumeneko akhoza kusunga kanthu, nalera ana ace monga afuna mwini. Koma mtunda womwewo umatembenuka tsiku la maliro. Uthenga ukafika usiku, mwana wa womwalirayo ali ndi masiku awiri a pa basi, ndipo kawirikawiri amapeza manda atatseka. Akamwalira iye mwini, kapena mkazi wace, kunyamula mtembo makilomita opitirira 1,000 kumadya ndalama zonse zimene mtundawo unamsungira. Apo ai, aikidwa mumcenga pakati pa anthu osamdziwa. Cibale ndi pfupa, siciola. Acinyamata amauseka mwambi umenewu, koma a zaka makumi asanu sauseka.

Za cilankhulo ziyenera kuchulidwa, popeza ndico cida ca nchito. Ku Chipata mwana wa Grade 1 amafika akulankhula Cicewa, Cinsenga kapena Cingoni ca masiku ano cimene ciri pafupi ndi Cinsenga, ndipo mphunzitsi wa Cinyanja amvana naye tsiku loyamba. Livingstone ali m'dziko la Atoka ndi Aleya, a mafumu onga Mukuni ndi Sekute, ndipo zilankhulo za m'masukulu a kumeneko ndi Citonga ndi Cilozi. Pa msika wa Maramba Cinyanja ca m'tauni cimamveka ndithu, kotero kuti mlendo sagona ndi njala. Koma kugula tomato ndi kwina, kuphunzitsa mwana kuwerenga ndi kwina. Wa makalasi a pamwamba, amene aphunzitsa m'Cingerezi, sabvutika kwambiri. Wa makalasi oyamba ayenera kubwerera pa benchi iye mwini, ndipo amene acita manyazi kufunsa ana ace mau amakhala mlendo zaka zonse.

Pali cinthu cimene Livingstone apambana naco kutali, ndipo wa kum'mawa abvomere. Ndi mzinda umene uphunzitsa wokha. Mathithi amene David Livingstone anawaona mu November 1855, ndi amene anawerengedwa pakati pa cuma ca dziko lonse lapansi mu 1989, ali pa mtunda wa makilomita onga 10 okha, ndipo mwana wa m'dziko amalipira ndalama yocepa polowa. Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, isunga makalata ndi katundu wa Livingstone mwini, ndi zida za miyala za anthu akale a m'cigwa ca Zambezi. Mphunzitsi amene wakhala zaka khumi akujambula cigwembe pa bolodi ndi coko akhoza kuimika kalasi lace pamwamba pa cigwembe ceniceni. Zimbabwe ali patsidya pa ulalo. Botswana ali pa Kazungula, pamene ulalo watsopano unatsegulidwa mu 2021. Mwana wokulira kumeneko amaona anthu a mitundu yonse asanathe sukulu, ndipo saopa kulankhula ndi mlendo. Coopsa cace ciri pomwepo: mnyamata amene waona kuti tsiku limodzi lonyamulira alendo katundu limpatsa ndalama za dola sacedwa kufunsa kuti masamu ngaciani.

Chipata maphunziro ace ngacete. Malawi ali pafupi, pa cipata ca Mwami, ndipo Lilongwe ali kufupi kwambiri koposa Lusaka. Mamishoni akale ali mozungulira, monga Magwero wa 1899, kumene kuli masukulu a akhungu ndi a ogontha, ndi Madzimoyo. Kumapeto kwa February kuli Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo kumapeto kwa August kuli Kulamba ku Mkaika, kumene Acewa a maiko atatu amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Mwana wa mphunzitsi sasowa womuuza kuti ndi wa pfuko liti. Koma mzindawo ulikukula mosasamala: nyumba zakwera m'mapiri, mitengo yatha ndi makala, ndipo mvula ikagwa yaikuru madzi amatsika ndi matope kulowa m'makomboni a m'munsi. Wofuna kugula malo akayende kumeneko mu January, asakayende mu August.

Poyesa zonsezi pa muyeso, mphunzitsi wamng'ono, wosakwatira kapena wa mwana mmodzi, amene khutu lace likali lofewa pa zilankhulo, sataya kanthu popita ku Livingstone zaka zisanu kapena zisanu ndi cimodzi. Adzabwerako wodziwa dziko lace koposa amene sanaoloke Luangwa. Koma nyumba ya njerwa asafulumire kuimanga kumeneko. Wa ana asanu, amene makolo ace akali moyo kumudzi ndipo penshoni iri pafupi, Chipata amuyenera, pokhapo apangane ndi mkazi wace asanasamuke za alendo angati amene nyumbayo ingasenze, ndipo auze akuru a kumudzi pangano limenelo iye mwini, asasiyire mkaziyo kuti ndiye aoneke woipa mtima.

Ndipo asanalembe kalata, atenge pepala awerengere: lendi ya nyumba, madzi, magetsi, makala, ufa wogula, ndi basi ya tsiku ndi tsiku, nacotse ndalama ya kumidzi ija pa malipiro ace. Kenaka afunse mnzace amene ali kale m'tauniyo kuti kalasi lace liri ndi ana angati, pakuti ciyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi a m'matauni adzaza kwambiri, ndipo mabuku oconga usiku amacuruka monga mwa ana.