Nanzikambe ndi Phunziro la Kufulumira ndi Kudekha

 Inu makolo ndi alezi a m'sukulu za mkombaphala kuno ku Dedza, lero tikambe za nanzikambe, amene ena amati bilimankhwe. Pophunzitsa mwana wa zaka zinayi kusiyanitsa chothamanga ndi choyenda pang'onopang'ono, ambirife timathamangira nthano ya kalulu ndi fulu. Nthanoyo ndi yabwino, koma mwana amatsala akuganiza kuti pali obadwa aliwiro ndi obadwa ochedwa, basi. Ine ndikuti mphunzitsi woposa awiriwo ali pa mpanda wanu kapena mu mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, chifukwa kufulumira ndi kudekha, zonse ziwiri zili m'thupi lake limodzi.

Tamuyang'anitsitsani akamayenda. Zala zake zinagawikana, ziwiri uku, zitatu uko, ndipo nthambi amaigwira zolimba. Amanyamula mwendo n'kuusiya m'malere, n'kugwedezekera kutsogolo ndi kumbuyo, kenako n'kuponda. Diso lina lili kumwamba kuchenjerera mphamba, lina lili pa chiwala. Umenewu si ulesi ayi. Mbalame yolusa imaona msanga chinthu chothamanga, koma chogwedezeka pang'ono pakati pa masamba imachipitirira, ndipo chiwala nacho sichizindikira kuti imfa ikuyandikira. Mtunda ukakwana, maso onse awiri amalunjika pamodzi, kamwa n'kutseguka pang'ono, ndipo musanaphethire n'komwe chiwala chija chili m'kamwa. Mu 2016 wasayansi Christopher Anderson anapeza kuti kananzikambe kakang'ono ka kumapiri a Usambara ku Tanzania kamaponya lilime kutalika kwa thupi lake kawiri ndi theka. Chinsinsi chake n'chofanana ndi cha legeni: mnofu umayamba wakoka timinyewa totamuka tozungulira fupa la lilime, kenako n'kutitaya kamodzi. N'chifukwa chake Anderson yemweyo ndi Stephen Deban anaona mu 2010 kuti kukazizira, kuponya lilime kumangochepa mphamvu pang'ono, pamene kulibweza m'kamwa, komwe kumadalira mnofu wokha, kumachedwa kwambiri. Ife a ku Dedza, tauni yokwera pafupifupi mamita 1,600, tikuchidziwa chisanu cha m'mawa chomwe chimaumitsa zala. M'chisanu chotero miyendo ya nanzikambe imalemera, koma lilime lake limagwirabe ntchito.

Ndikudziwa kuti agogo ena akupukusa mutu. Makolo athu ankati Chauta anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye anazengereza panjira, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Ndiye tingawapatse bwanji ana mphunzitsi wotere? Nthano imeneyi ndi chuma chathu, ndipo ana aimve ndithu. Koma inakambidwa pofuna kuyankha funso lolemera lakuti imfa inachokera kuti, osati kuti ana azigenda kanyama kamene kakutidyera ziwala ndi ntchentche m'dimba. Ena amati nanzikambe ndi waululu, akakulavulira kapena kukuluma zako zada. Ululu alibe. Ukamuopseza amada khungu, kudzitukumula, kuyasamula ndi kufwenthera, mwina kuluma kumene, koma zonsezo ndi mantha a kanthu kosatha kuthawa. Ana asamugwire, osati chifukwa choti awapweteka, koma chifukwa iwo ndiwo angamupweteke.

Chitsutso chomveka kwambiri n'cha alezi: mwana wamng'ono sangakhale chete kudikira chiwala chomwe mwina sichibwera. Zoonadi, ndipo asakakamizidwe. Akamuona pang'ono, phunziro lisamukire pabwalo. Ikani chitsononkho patsogolo pa mwana aliyense, muziomba ng'oma mwapatalipatali, iwo azinyamula mwendo umodzi, kuima, kugwedezeka, n'kuponda. Mukaomba mwamphamvu kamodzi, dzanja lokha litsomphole chitsononkho chija. Mudzaona kuti kutsomphola sikuvuta aliyense, koma kuima ndi mwendo umodzi osagwa, osathamangira, ndiye ntchito. Kuthamanga mwana amakudziwa kale. Chimene akuphunzira apa ndi kudzigwira, ndi kuzindikira nthawi yomwe changu chikufunika. Mwana wofatsa amene anzake amamuseka pa mpikisano wothamanga, pa masewera amenewa akhoza kukhala katswiri.

Nyengo yabwino yomufunafuna ndi dzinja, tizilombo tikachuluka. Yang'anani m'zitsamba za m'mbali mwa munda komanso pamsewu, pomwe ambiri amapondedwa ndi galimoto akuwoloka. Choopsa china ndi moto wa m'chilimwe. Anyamata akatentha tchire posaka mbewa m'munsi mwa phiri la Dedza kapena ku Chongoni, buluzi amalowa m'ming'alu ya miyala, mbalame zimauluka, koma nanzikambe motowo umamupeza pa nthambi pomwepo.