DZIMBIRI LA M'THUPI NDI CAKUDYA CA OKALAMBA



Lero tikambirana za makolo athu okalamba, ndi cakudya cimene minda yathu iyenera kuwapatsa. Nonse mudziwa kuti khasu likagona panja m'dzinja licita dzimbiri. Cocititsa cake ndiwo mpweya womwe tipumawu. Mpweyawu ndiwo moyo wathu, koma pamene thupi liugwiritsa nchito posandutsa cakudya kukhala mphamvu, pamatsala tizinthu toononga timene tidya thupi pang'ono pang'ono, monga dzimbiri lidya khasu.

Koma thupi liri naye mlonda wake, ndiwo mankhwala amene lipanga lokha, ochedwa glutathione. Anawacha dzinali ndi Frederick Gowland Hopkins wa ku Cambridge, m'dziko la England, m'caka ca 1921. Mankhwalawa apezeka m'thupi lonse, koma acuruka m'ciwindi. Nchito yao iri pawiri: agwira tizinthu toononga tija, ndiponso amanga ululu wolowa m'thupi kuti uturuke pamodzi ndi ndulu ndi mkodzo.

Tsono munthu akamakalamba, thupi lake lipanga glutathione wocepa, pamene zoononga zija sizicepa ai. Ukalamba sitingauletse, koma tingathe kupatsa thupi zipangizo zake. Zipangizozo zicokera m'zakudya zomanga thupi, monga mazira, nsomba, nkhuku, mkaka, nyemba, soya ndi mtedza. M'caka ca 1973 akatswiri anapezanso kuti glutathione afuna mcere wina wa m'nthaka, wochedwa selenium, kuti atsirize nchito yake. M'madera ambiri a Zambia ndi Malawi nthaka iri nao wocepa, kotero kuti cimanga cathu naconso cikhala nao wocepa. Nsomba ndi mazira ndizo zitithandiza pamenepa. Nkhalamba yodya nsima ndi msuzi wokha tsiku ndi tsiku iri ngati nyumba yopanda mlonda.

Nanga mlimi acitepo ciani? Nazi mfundo zinai.

Coyamba, musagulitse mazira onse. Siyaniko ena a agogo ndi ana. Ngati mano anatha, sinjani kapenta ndi kuthira m'phala, ndipo nyemba muziphike mpaka zifewe.

Caciwiri, dimba lisagone m'cirimwe. Kabici, repu, mpiru ndi anyezi ziri ndi zinthu zothandiza ciwindi pa nchito yake yocotsa ululu. Magwafa, mango, malalanje ndi malambe ziri ndi vitamini C, amene agwirizana ndi glutathione.

Cacitatu, ndipo ici ncacikuru kwa ife olima mtedza, cenjerani ndi cuku. M'caka ca 1960 nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca mtedza wacuku wocokera ku Brazil. Pamenepo ndipo panadziwika ululu wochedwa aflatoxin, umene umera ndi cuku pa mtedza ndi cimanga. Ululu umenewu ulunjika ku ciwindi. Glutathione amangako wina, koma ukacuruka ugonjetsa mlondayo, ndipo patapita zaka ungathe kudzetsa khansa ya ciwindi. Kuphika sikuucotsa. Cifukwa cace kumbani mtedza pa nthawi yake, uumitseni bwino m'makoko ake, ndipo musauwaze madzi pousenda. Nkhokwe ikhale yofolera bwino ndi yokwera pamwamba. Ambiri asankha mtedza wabwino kunka nao kumsika, wofwifwa ndi wowola nkusiyira pakhomo kuti ukhale nsinjiro. Kutero ndiko kugulitsa moyo wa banja. Mtedza wowola utayeni, ndipo musapatse ngakhale nkhuku kapena ng'ombe, pakuti ululuwo ufika ndi mumkaka momwe.

Cacinai, kacasu ndi fodya zitha glutathione msanga. Comweconso mankhwala a mutu monga Panado: ali abwino pa muyeso wake, koma munthu akamwa ambiri nthawi imodzi, glutathione wa m'ciwindi atheratu ndipo ciwindico cionongeka. Agogo akamva kuwawa m'mfundo, atengereni kucipatala, asamangoonjezera mapiritsi okha.

Mau otsiriza ndi awa. M'matauni muli anthu ogulitsa mapiritsi ndi jekeseni za glutathione, nanena kuti zibweza unyamata ndi kuyeretsa khungu. Musataye ndalama zanu. Palibe piritsi limene latsimikizika kuti liletsa ukalamba. Ndalama imeneyo mugule nayo nkhuku ziwiri zoikira ndi mbeu za kudimba.

Makolo anati, akuru akuru ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likauma, moto udzazimira kuti? Pokonza za munda wa caka cino, kumbukirani mbale ya agogo.