Kasankhidwe ka Sukulu Yabwino ya Judo

Masiku ano m'mizinda yaikuru monga Lusaka, Ndola ndi Kitwe, anyamata ndi atsikana ambiri afuna kuphunzira masewera olimbana ocokera ku Japan, makamaka judo ndi karate. Makolo akapemphedwa ndalama za maphunzirowa amasowa coyankha, pakuti iwo sanakule nao masewerawa, ndipo nkobvuta kwa iwo kusiyanitsa mphunzitsi weniweni ndi munthu wongobvala lamba wakuda. Nkhani ya lero iri ya makolo otere. Idzanena za judo, koma mfundo zace zithandizanso pa masewera ena a mtundu womwewo. Mfundo yaikuru ndi iyi: sukulu yabwino imadziwika ndi kasungidwe kace ka mwana watsopano ndi wofooka.

Woyambitsa judo anali Jigoro Kano, amene anabadwa m'caka ca 1860. Pa unyamata wace anali wamng'ono thupi, ndipo anzace ku sukulu anali kumbvutitsa. Cifukwa ca ici anaphunzira jujutsu, luso lakale la ankhondo a dziko lace. M'caka ca 1882 anatsegula sukulu yace, dzina lace Kodokan, m'cipinda ca kacisi wina mu Tokyo. Cipindaco cinali ca mphasa 12 zokha, ndipo ophunzira anali 9. Kano anali mphunzitsi pa nchito yace, ndipo kwa zaka zambiri anatsogolera sukulu yophunzitsa aphunzitsi. Iye anacotsa m'masewera a tsiku ndi tsiku njira zoopsa monga kumenya ndi kuponda, kuti anthu awiri athe kulimbana ndi mphamvu zao zonse popanda kubvulazana. Anasiya malamulo awiri: kugwiritsa nchito mphamvu mwanzeru, ndi kuthandizana kuti onse apindule. Sukulu iri yonse iyenera kuyesedwa ndi malamulo awiriwa.

Cizindikiro coyamba ndi kugwa. Mphunzitsi wodziwa nchito yace sayamba ndi kuonetsa mwana kagwetsedwe ka mnzace, koma amayamba ndi kumphunzitsa kugwa bwino, kumene Ajapani amati ukemi. Mwana amaphunzira kugwa cagada atapinda khosi, cibwano ciri pa cifuwa, ndi kumenya mphasa ndi dzanja kuti nkhongo isagunde pansi. Phunziro limeneli limatenga masabata ambiri, ndipo ana ena amatopa nalo. Komatu m'mera mpoyamba. Sukulu imene ilola mwana wa masiku awiri kulimbana ndi akale, iri kusewera ndi moyo wace.

Mau amenewa sali ongoopseza. Ku Japan komweko, pakati pa 1983 ndi 2011, ana a sukulu oposa 100 anafa cifukwa ca ngozi za judo. Ambiri a iwo anabvulala m'mutu, ndipo ambiri anali m'caka cao coyamba pa sukuluzo, asanazolowere kugwa. Dziko la France, kumene judo ndi yofala kwambiri, linaika lamulo m'caka ca 1955 lakuti munthu asagwire nchito yophunzitsa judo popanda cikalata cobvomerezedwa ndi boma. Masewera ndi amodzi m'maiko onse awiri. Cimene cimasunga mwana kapena kumtaya ndi mphunzitsi.

Cizindikiro caciwiri, tsono, ndi mbiri ya mphunzitsiyo. Lamba wakuda amagulidwa m'sitolo monga cobvala ciri conse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kholo lanzeru lifunse mwaulemu mafunso atatu: mphunzitsi anaphunzira kuti, anamuyesa mayeso ndani, ndipo kodi sukulu yace inalembedwa ku bungwe loyang'anira judo m'dziko muno? Woona mtima amayankha mokondwa ndi kuonetsa zikalata zace. Wokwiya ndi mafunso otere wadziulula yekha. Makolo acenjerenso ndi munthu wolonjeza lamba wakuda pa miyezi yowerengeka, kapena wofuna ndalama za caka conse mwana asanayese ngakhale tsiku limodzi. Lamba wakuda amapezeka patapita zaka, ndipo ngakhale dzina la khwerero lace loyamba m'Cijapani, shodan, litanthauza khwerero loyambira basi.

Cizindikiro cacitatu cimaoneka ndi maso, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Kholo lipite likakhale pansi ndi kupenyerera phunziro lonse, kuyambira poyamba kufikira potsiriza. Liyang'ane ngati mphasa ziri zocindikala, zoyera ndi zolumikizana bwino, pakuti mpata pakati pa mphasa umathyola zala za kumapazi. Lione ngati ana amapatsidwa anzao olingana nao msinkhu ndi kulemera, ngati amaloledwa kumwa madzi nthawi yotentha, ndi ngati pali bokosi la mankhwala pafupi. Mwana akagunda mutu namva cizungulire kapena kusanza, ayenera kuleka pomwepo ndi kupita ku cipatala, pakuti mwazi ukhoza kukha m'kati mwa mutu pamene kunja kulibe bala. Sukulu imene itsekera makolo kunja iri ndi cimene ibisa.

Anthu ena amaganiza kuti mphunzitsi waukali, womenya ana ndi kuwatukwana, ndiye amaumba ngwazi. Maganizo amenewa ndi olakwa. M'caka ca 2013 kunamveka kuti akazi 15 a m'gulu la judo la dziko la Japan anadandaula kuti mphunzitsi wao anali kuwamenya, ndipo iye anatula pansi udindo wace. Ngati akatswiri a dziko anakana nkhanza, mwana wa zaka khumi sayenera kuipirira.

Cotsiriza ndi ulemu. Judo inalowa koyamba m'masewera a Olympics mu Tokyo m'caka ca 1964, masewera amene anatha pa 24 October, tsiku lomwe dziko la Zambia linalandira ufulu wace. Kumeneko Anton Geesink wa ku Holland anagonjetsa Akio Kaminaga wa ku Japan pamaso pa anthu a kwao. Anzace a Geesink pofuna kuthamangira pa mphasa ndi cimwemwe, iye anawaletsa ndi dzanja, kuti wogonjayo alandire ulemu womuyenera. Khalidwe lotere limaphunziridwa m'sukulu, ndipo limaoneka ngakhale mwa ana: wamkuru amadzutsa wamng'ono amene wamgwetsa, ndipo onse awiri amaweramirana.

Kotero kholo lisathamangire zikho zonyezimira pa khoma. Liyambe layang'ana mwana wamng'ono koposa onse m'cipindamo. Ngati iye ali kuphunzira kugwa mosaopa, ndipo mphunzitsi amdziwa dzina, pamenepo mpoyenera kusiyapo mwana.