Kalata Yogonera: Kukumbukira Makompyuta Oyamba

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za chimene ndinaona ku Wenya, m'dera la Mfumu Mwenewenya, pa mseu wochoka pa boma la Chitipa kulinga ku Nthalire.

Kumeneko ndinacheza ndi bambo ena achikulire amene anagwira ntchito ku Zomba zaka zambiri asanapume. M'chipinda mwawo asungamo kompyuta yakale yofunditsidwa chitenje, pamodzi ndi katoni ya timadisiki tapulasitiki. Makinawo analeka kuyaka kalekale. Nditafunsa chifukwa chimene sanawatayire, bambowo anati: "Mwana wanga, m'menemo ndimo muli anzanga."

Kuti timvetse yankho limeneli, tiyeni tibwerere m'mbuyo. M'chaka cha 1982 ku Britain kunatuluka kompyuta yotchedwa ZX Spectrum, ndipo ku America kunatuluka Commodore 64. Aŵa anali makompyuta a m'nyumba. Ankawalumikiza ku wailesi yakanema, ndipo mapulogalamu ake ankakhala pa kaseti yonga ya nyimbo. Munthu ankadikira mphindi zingapo akumva kulira kwa kasetiyo maseŵera asanayambe. Malo ake osungiramo zinthu anali makilobaiti 48 kapena 64 okha, moti chithunzi chimodzi chojambula pa lamya ya m'manja ya lero sichikanakwanamo. Kwathu kuno makina otere anali osoŵa, pakuti ngakhale nyumba ya wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Ambiri anayamba kuona kompyuta mu ofesi kapena ku koleji.

Mu 1984 Tom Jennings wa ku America anayambitsa njira yotchedwa FidoNet. Kompyuta inkasonkhanitsa makalata a anthu ndi kuwasunga. Nthaŵi yoikika ikakwana, makamaka usiku pamene mtengo wa lamya unali wotsika, inkaimbira kompyuta inzake, ndipo ziŵirizo zinkapatsana makalata monga amtengatenga okumana pa mphambano. Njira imeneyi ndiyo inafikitsa makalata a pa kompyuta m'Malaŵi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Chancellor College ku Zomba, motsogozedwa ndi Dr. Paulos Nyirenda. Intaneti yeniyeni inadza pambuyo pake, mu 1997, ndi kampani ya MalawiNet.

Bambo a ku Wenya aja anali m'modzi wa olemberana makalata m'masiku amenewo. Akuti anali oŵerengeka, ndipo ankadziŵana maina. Mlendo akalakwitsa ankamuphunzitsa, osamuseka. Popeza lamya inali yodula, munthu ankayamba wayeza mawu ake asanatumize, ndipo yankho linkafika m'maŵa mwake, mkwiyo utaphwa. Tsono chimene bambowo akulira si makina ai, koma khalidwe la anthu amene anakumana nawo kudzera m'makinawo.

Khalidwe limenelo silinali lachilendo ku Wenya. Akuluakulu akukumbukira makalata ochokera ku migodi ya ku Zambia ndi ku Joni, amene ankatha masabata ali pa njira. Kalata ikafika, mwana wa sukulu ankaiŵerenga mofuula, banja lonse litatchera khutu, ndipo yankho ankalikambirana asanalembe. Aliyense ankadziŵa mwini mawu.

Sindikunena kuti tibwerere ku masiku amenewo. Lero mlimi wa ku Chitipa amamva mtengo wa chimanga ku Karonga asanakweze thumba pa galimoto, ndipo mayi amalandira ndalama za mwana wodwala tsiku lomwelo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Lamya imene ili m'thumba mwanu iposa kutali kompyuta yofunditsidwa chitenje ija. Koma liŵiro lili ndi mtengo wake. Uthenga wopanda mwini umayenda pa WhatsApp maboma asanu mpoto wa nsima usanapse. Tisaiŵale mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Mphekesera sizinayambe ndi lamya, koma lamya yazipatsa miyendo.

Choncho ndili ndi mapempho aŵiri. Loyamba: uthenga wokuwawitsani mtima kapena woneneza mnzanu, ulekeni ugone. Funsani amene anaulemba ndi kumene anaumva, ndipo muutumize pokhapo ngati mungalole kuikapo dzina lanu. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachiŵiri lipite kwa inu amene mwasunga timadisiki ndi makalata a masiku aja: musatenthe. Funani wodziŵa awakopere pa pepala asanafufutike, pakuti nayonso ndi mbiri ya dziko lathu, monga zosungidwa ku National Archives ku Zomba.

Potsazikana, bambo aja anandipempha kuti ndikafika ndiwalembere kalata ya pa pepala, osati ya pa lamya. Ndinalemba, ndipo yankho lawo ndikulidikirabe mosadandaula.

Mugone bwino.